Mwana akasiya kukuuzani zakukhosi: momwe mungakhalire naye pafupi m'zaka za unyamata

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 ankandilondola mpaka pakhomo la bafa kuti amalize nkhani ya kusukulu. Ndinkadziwa mayina a anzake onse, amene ayambana, amene walira m'kalasi, ngakhale nsapato zimene aphunzitsi avala tsikulo. Atafika zaka 13, nkhani zonsezo zinaphwa ngati chitsime m'chilimwe. "Zayenda bwanji kusukulu?" "Bwino." "Nanga mwaphunzira chiyani?" "Palibe." Kenako chitseko cha kuchipinda kuti gwa, ine n'kutsala nditaima, mtima ukuwawa, ndikufufuza m'mutu chimene ndamulakwira.

Ngati nanunso mwafika pamenepa, mtima m'malo: mwanayo sanakudeni, akukula. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limawerengera unyamata kuyambira zaka 10 mpaka 19. M'zaka zimenezi mwana amachoka m'manja mwanu pang'onopang'ono, ndipo ayeneradi kuchoka. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi kachokedwe kake: azipita akutembenuka n'kumakuuzani pamene wafika, kapena apite atatseka pakamwa.

Kafukufuku wina anandisintha maganizo pa nkhaniyi. Mu 2000, Håkan Stattin ndi Margaret Kerr anafalitsa zimene anapeza atafunsa ana 703 a zaka 14 ku Sweden pamodzi ndi makolo awo. Ankafuna kudziwa kuti makolo amene amadziwa kumene mwana ali, amene akuyenda naye ndi zimene akuchita, amazidziwa bwanji. Anapeza kuti zambiri zimachokera pakamwa pa mwanayo akamanena yekha, kuposa pa kumulonda kapena kumupanikiza ndi mafunso. Ndipo ana amene ankauza makolo awo zinthu mwa kufuna kwawo ndi amene sankapezeka kawirikawiri m'zophwanya malamulo. Zonse zimene ndalemba pansipa zikulondola chinthu chimodzi: kunena zoona kwa inu kusamamuwawe mwana kuposa kubisa.

1. Yambani ndi kudziwa zimene zikuchitika m'thupi ndi m'mutu mwake

Atsikana ambiri amayamba kutha msinkhu pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14. Zooneka ndi maso timazidziwa tonse: mawere, ndevu, mawu kusintha, ziphuphu kumaso, nsapato kuthina miyezi ingapo iliyonse. Zimene zimatisokoneza ndi zosaonekazo. Ubongo sukhwima wonse nthawi imodzi. Mbali zimene zimamva chisangalalo, mkwiyo, manyazi ndi njala yofuna kutamandidwa ndi anzake zimadzuka msanga. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi, imene imaganizira za mawa n'kumuuza munthu kuti "taima kaye", imapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25.

N'chifukwa chake mwana yemweyo amene dzulo anakufotokozerani bwinobwino kuipa kwa fodya, lero wabwera malaya akununkha utsi. Dzulo sananame. Nzeru anali nazo, chimene chinamuchepera ndi mphamvu yodzigwira anzake ali pambali. Akatswiri a za maganizo Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anaonetsa zimenezi ku America mu 2005 pogwiritsa ntchito sewero la pakompyuta loyendetsa galimoto. Anzawo akamaonerera, achinyamata ankachita zowopsa pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa akamasewera okha, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni.

China n'chakuti wachinyamata amaona ngati maso a anthu onse ali pa iye. Katswiri wa za maganizo David Elkind analemba za zimenezi mu 1967. Kachiphuphu kamodzi pamphuno, kwa iye, kakuonedwa ndi sukulu yonse. Pamenepa pali lamulo loyamba loti mudziikire nokha: musamudzudzule kapena kumuseka pamaso pa anzake, alendo kapena azing'ono ake. Mawu amene akanawalandira muli awiri, amawakana ndi mtima wonse akanenedwa pagulu.

2. Lekani kumukhazika pansi, khalani naye pambali

"Tabwera kuno, khala apa tikambirane." Kwa kholo awa ndi mawu achikondi. Kwa mwana wa zaka 14 ndi chiyambi cha mlandu, ndipo asanakhale n'komwe wayamba kale kukonza zoyankha.

Achinyamata amamasuka manja akamagwira ntchito, maso asakuyang'anizana ndi anu. Kutsuka mbale, kupinda zovala, kuyenda pansi, kukhala pambali m'galimoto. Mwana wanga wamwamuna anandiuza za anyamata amene ankamuvutitsa kusukulu tikumata chubu cha njinga yake. Iye anali atawerama, akuviika chubucho m'beseni kufunafuna pamene pakutuluka thovu. Anayamba ndi mawu akuti, "Amayi, kodi munthu akamakutchula dzina loipa tsiku lililonse, ukangokhala chete amasiya?" Nkhope yake sindinaione mpaka nkhani itatha, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake inatha.

Chitani izi. Sankhani ntchito imodzi imene muziichita awiriwiri mlungu uliwonse, ndipo muziisunga ngakhale mwayambana. Pa nthawi imeneyo musatchule mayeso kapena chipinda chake chosasesa. Mafunso oyankhidwa ndi "eya" kapena "ayi" asiyeni. M'malo mofunsa kuti zayenda bwanji, funsani chimene chamuseketsa lero, kapena mphunzitsi amene anzake sakumufuna ndi chifukwa chake. Nkhani za anthu ena zimatuluka msanga kuposa za iye mwini, ndipo m'nkhani za anthu enazo ndi mmene mumamvera zimene iye akuganiza.

Lowani m'zimene amakonda. Nyimbo zake mwina kwa inu ndi phokoso chabe, komabe mufunseni kuti woimbayo akunena chiyani. Akuphunzitseni sewero la pafoni limene limamutayitsa nthawi lija. Mwana amene wakhala akuphunzitsidwa ndi inu moyo wake wonse amasangalala kwambiri tsiku limene inu mwakhala wophunzira.

Ndipo konzekerani kuti ola loyankhula amasankha ndi iye. Kawirikawiri limakhala usiku, inu maso atalemera kale. Akabwera n'kuima pakhomo popanda chifukwa chomveka, akuseweretsa chotsekera, ameneyo ali ndi mawu. Ikani foni pansi chafufumimba. Mukati "tikamba mawa", mawa mupeza atameza.

Yesaninso tsiku limodzi kuwerenga mawu amene mwamuyankhula kuyambira m'mawa. Makolo ambiri tikatero timapeza kuti onse anali otuma kapena odzudzula: dzuka, fulumira, wasamba, zimitsa, bwanji sunachape. Munthu wamkulu atamayankhulidwa chonchi tsiku ndi tsiku, nayenso angathawire kuchipinda.

3. Samalani mphindi yoyamba akakuuzani chinthu cholemera

Pano ndi pagona nkhani. Zina zonse mukhoza kuziphonya n'kudzakonza, koma mphindi imeneyi ndi imene imamuuza mwana ngati adzabwerenso.

Ali ndi zaka 15, mwana wanga wamkazi analowa kuchipinda kwanga usiku n'kukhala m'mphepete mwa bedi. "Amayi, ndikuuzeni chinachake, koma musakalipe." Anandiuza kuti kuphwando la tsiku lobadwa la mnzake kunabwera mowa, kuti iye analawa, ndipo mtsikana wina analedzera mpaka kusanza, anyamata n'kumamujambula. Mtima wanga unagunda ngati ng'oma. Mafunso khumi anafika pakamwa nthawi imodzi: wabweretsa ndani, makolo a mwanayo anali kuti, unandinamiziranji. Ndinagwira bulangete mwamphamvu n'kunena mawu atatu okha: "Zikomo pondiuza, mwananga."

Dongosolo lake ndi ili. Choyamba, gwirani nkhope yanu, chifukwa mwana amawerenga nkhope musanatsegule pakamwa. Pumani mozama kawiri. Chachiwiri, thokozani kuti wakuuzani, ngakhale zimene wanenazo zakupwetekani. Kenako nenani kuti "ndiye zinatani?" ndipo khalani chete. Chete ameneyu amalemera, koma musamudzaze ndi mawu anu. Nthawi zambiri chimene wayamba nachocho si mutu wa nkhani, akuyesa kaye ngati madzi ndi akuya. Usiku umenewo mowa sunali nkhani yeniyeni. Chimene chinkamusowetsa tulo n'chakuti anaona mnzakeyo akujambulidwa ndipo iye sanachitepo kanthu. Ndikanalumphira pa mowa, zimenezo sindikanazimva.

Akamaliza, tchulani zimene mukuona kuti akumva: "Zikuoneka kuti zakuchititsa manyazi," kapena "Unachita mantha eti?" Mukaphonya adzakukonzani yekha, ndipo kukonzako ndi kuyankhula komwe. Ndiye funsani: "Ukufuna ndikuthandize maganizo, kapena umangofuna ndimve?" Funso limeneli ndimalikonda chifukwa limamupatsa ulemu wa munthu amene angathe kuganiza. Akasankha kuti mungomva, mverani. Malangizo anu sawola, mawa adzakhalapobe.

Ngati pakufunika chilango, chidikire kuche. Nenani kuti, "Nkhaniyi ndi yaikulu, ndiigonere, tikambirana mawa madzulo." Ndipo mwana adziwe poyera kuti m'nyumba mwanu wonena yekha amalandira chilango chopepuka kuposa wogwidwa. Mukamalanga mofanana woulula ndi wobisa, mwamuphunzitsa kuti kubisa kuli ndi phindu.

Zinthu ziwiri zoti muchenjere nazo. Akayamba ndi "mnzanga wina wake", musafunse dzina, ndipo musamunyoze mnzakeyo. Mwina mnzakeyo alipodi, mwina ndi iye yemwe, ndipo akuona mmene mungamuweruzire. Chachiwiri, zimene wakuuzani zisakamveke kwa azakhali ake pafoni mawa lake. Mwana akamva chinsinsi chake chikusekedwa pabalaza, mwatseka chitseko ndi manja anu. Muuzeni pasadakhale malire ake: "Zimene wandiuza zimathera pano, pokhapokha ngati moyo wako kapena wa munthu wina uli pachiswe. Zikatero ndidzafuna thandizo, koma ndidzayamba ndakuuza iwe."

4. Chepetsani malamulo, otsalawo muwagwire zolimba

Kumvetsera sikutanthauza kulekerera. M'zaka za m'ma 1960, Diana Baumrind wa pa yunivesite ya California ku Berkeley anasiyanitsa makolo olamula mwankhanza, makolo olekerera, ndi makolo amene amaika malire omveka koma mwachikondi ndi kufotokoza zifukwa. Kafukufuku wambiri amene anatsatira wakhala akusonyeza kuti ana a gulu lachitatuli ndi amene kawirikawiri zimawayendera bwino kusukulu ndi m'makhalidwe.

Tengani pepala, mulembe zonse zimene mumakangana ndi mwana wanu, ndipo muzigawe milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zimene zingamuphe, kumuvulaza kapena kumuwonongera tsogolo: mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kukwera galimoto ya woledzera, kugona kunja osanena kumene ali, kujomba kusukulu, kumenya ena. Apa palibe kukambirana, ndipo zikhale zochepa zoti angaziwerenge ndi zala za dzanja limodzi kapena awiri. Mulu wachiwiri ndi wa zokambirana: ola lofikira pakhomo, ntchito za m'nyumba, nthawi ya foni, ndalama. Mulu wachitatu ndi wa zake: kametedwe, mtundu wa zovala, nyimbo, mmene wakonzera chipinda chake. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti mikangano yambiri ya tsiku ndi tsiku ili mu mulu wachitatuwu, ndipo ikukudyerani mphamvu zimene mudzazifune pa mulu woyamba. Isiyeni. Tsitsi limamera.

Pa mulu wachiwiri, khalani pansi pa tsiku limene palibe amene wakwiya. Mufunseni kaye iye kuti akuona kuti ola loyenera ndi liti, ndipo chichitike n'chiyani akaphonya. Mudzadabwa kuti ana ambiri amadzipatsa chilango chokhwima kuposa chimene inu munakonza. Mukagwirizana, lembani. Ufulu uziwonjezeka ngati makwerero: akasunga pangano mwezi wathunthu, onjezerani theka la ola. Akaphonya, bwererani sitepe imodzi kwa mlungu umodzi, osati kugwetsa makwerero onse.

Chilango chigwirizane ndi cholakwa, chikhale chachifupi, ndipo chikhale choti mungathe kuchikwaniritsa. "Sudzatulukanso mpaka chaka chithe" ndi mawu a mkwiyo, ndipo nonse awiri mukudziwa kuti sizitheka. Kumenya wachinyamata ndimakukana kotheratu. Kumabala mantha ndi chidani, ndipo chimene amaphunzirapo ndi kubisa mwaluso. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Pa zinthu zosaopsa, lolani dziko limuphunzitse. Wawononga ndalama zake zonse tsiku limodzi? Musamuwonjezere. Sanachape yunifolomu? Avale yomweyo. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Ikafota, musanene kuti "si ndinakuuza". Waona kale.

Ngati mukulera awiri, gwirizanani kuseri. Mwana akaona mpata pakati pa bambo ndi mayi amalowapo, osati chifukwa ndi woipa, koma chifukwa mpatawo ulipo.

5. Konzani za tulo ndi foni

Madokotala a za tulo amati wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Vuto n'lakuti munthu akatha msinkhu, thupi limachedwa kutulutsa melatonin, timadzi timene timabweretsa tulo, moti tulo timatha kuchedwa ndi maola pafupifupi awiri poyerekeza ndi kale. Amene mukumutcha waulesi m'mawa uja, thupi lake likadali pakati pa usiku. Nkhaniyi ndi yaikulu moti mu 2014 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linapempha kuti sukulu za achinyamata zisamayambe isanakwane 8:30 m'mawa. Mwana wosagona mokwanira amapsa mtima msanga, amaiwala, ndipo amalira ndi zazing'ono. Musanaweruze khalidwe lake, werengani maola amene akugona.

Chothandiza kwambiri n'chosavuta kunena: mafoni onse agone kunja kwa zipinda, yanu yomwe. Sankhani malo amodzi otchajira ndi ola limodzi loikira. Lamulo limene kholo silisunga, mwana amaliona ngati nkhanza chabe.

Facebook, Instagram ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13 kutsegula akaunti, ngakhale ana ambiri amanama zaka. Foni yoyamba ibwere ndi pangano lomveka, ndipo ngati muziyang'anamo, muuzeni poyera kuti muzitero ndiponso liti. Pali chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wokhala ndi foni ayenera kumva kuchokera kwa inu chisanachitike. Pa intaneti pali anthu amene amadzionetsa ngati mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu wake, amamunyengerera kuti atumize chithunzi ali maliseche, kenako n'kuyamba kumuopseza kuti achifalitsa akapanda kutumiza ndalama kapena zithunzi zina. Anyamata nawonso amakodwa kwambiri mumsamphawu. Muuzeni kuti: "Zikadzakuchitikira, usalipire, usafufute mauthengawo, bwera kwa ine nthawi yomweyo. Sindidzakulanda foni chifukwa chondiuza." Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri, chifukwa mantha olandidwa foni ndi manyazi ndi zimene zimatseka ana pakamwa mpaka zinthu zitafika poipa.

6. Dziwani anzake, ndipo mupatseni njira yothawira

Anzake azibwera kwanu. Phokoso ndi mbale zambiri zotsuka ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi kudziwa nkhope za anthu amene akuumba mwana wanu. Mnzake amene sakukusangalatsani musamunyoze, chifukwa mwana adzamuikira kumbuyo ngati m'bale wake. Nenani zimene mwaona: "Ndaona kuti ukachokera kwa uje umabwera wokhumudwa. Chimachitika n'chiyani?"

Pangani pangano la chipulumutso. Gwirizanani liwu limodzi lachinsinsi limene angakutumizireni pafoni akapezeka pamalo pamene zinthu zayamba kuipa. Mukalandira, mumuimbire n'kunena mwamphamvu kuti akufunika kunyumba msanga, kapena mupite kukamutenga. Anzakewo aziona ngati vuto ndi kholo lovuta, iye n'kutuluka ulemu wake uli wonse. Mbali yanu ya panganoli ndi yakuti usiku umenewo simufunsa mafunso.

7. Kambani za thupi, chibwenzi ndi kugonana msanga, pang'onopang'ono

Makolo ambiri timaopa kuti kukamba zimenezi n'kumuonetsa mwana njira. Bungwe la UNESCO, m'malangizo ake a 2018, litaunika kafukufuku wa m'mayiko ambiri linanena kuti kuphunzitsa ana zoona pa nkhaniyi sikuwachititsa kuyamba msanga kugonana, ndipo nthawi zambiri kumawathandiza kuchedwa. Mukakhala chete, mphunzitsi wake akhala mnzake wa zaka 15 ndi mavidiyo olaula.

Musadikire tsiku limodzi lalikulu. Mtsikana adziwe za msambo usanafike, ndipo kawirikawiri umafika patatha zaka ziwiri kapena zitatu mawere atayamba kumera. Mnyamata adziwe kuti kutulutsa umuna kutulo si matenda. Onse awiri adziwe kuti mimba imatheka ngakhale pogonana koyamba, adziwe za HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, ndi mmene kondomu imatetezera. Auzeni zimene inu mumakhulupirira pa nkhani ya kudikira, ndi zifukwa zanu, pakuti amafuna kuzimva ngakhale akuyang'ana kumbali. Aphunzitseni kuti "ayi" wawo ndi wokwanira, ndi kuti "ayi" wa munthu wina ayenera kumulemekeza. Munthu wamkulu amene amapatsa mwana mphatso n'kumati "usauze amayi ako" ndi woopsa, ngakhale atakhala wachibale.

Ndipo adziwe ichi: wina akamugwirira, cholakwa si chake, ndipo afunika kufika kuchipatala msanga. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba pangozi amagwira bwino akamwedwa mofulumira, pasanathe masiku asanu. Mwana amene amaopa kholo lake amataya maola amenewa ali yekha kuchipinda.

Ngati pakamwa panu pakulemera, nenani zomwezo: "Ine sanandiuzepo zimenezi, ndiye zikundivuta, koma ndikufuna uzimve kwa ine." Pezaninso wamkulu wina wodalirika, kaya amalume, azakhali kapena mphunzitsi, amene mwanayo amamasuka naye. Zina sadzakuuzani inu, ndipo musachite nsanje akakaziuza kumeneko. Mutu umodzi susenza denga.

8. Zindikirani pamene kukhala chete kwasanduka matenda

Kukwiyakwiya ndi kudzitsekera nthawi zina ndi mbali ya kukula. Koma World Health Organization imati mmodzi mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, ndipo kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri achinyamata padziko lonse. Kusiyana kwake kuli apa: mwana amene wangokula amakuthawani inu koma amasekabe ndi anzake. Amene akudwala amathawa onse.

Yang'anirani zizindikiro zimene zapitirira milungu iwiri: kusiya zimene ankakonda, kugona kwambiri kapena kusagona, kusintha kadyedwe, kutsika mwadzidzidzi m'kalasi, mabala m'manja kapena m'ntchafu amene akuwabisa ndi zovala zazitali ngakhale kukutentha, kugawa zinthu zake, mawu ngati "bola kufa" kapena "ndine mtolo kwa inu". Mwa achinyamata, kuvutika maganizo kumaoneka kawirikawiri ngati ukali osati misozi.

Mukaona zimenezi, funsani mosapita m'mbali: "Kodi umaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ofufuza anaziona kale zimenezi, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, musamukalipire kapena kumuuza kuti ali ndi zonse zofunika pa moyo. Musamusiye yekha. Chotsani mankhwala, poizoni ndi zida pamalo amene angazifikire, ndipo pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa za maganizo tsiku lomwelo. Matendawa amachizika.

9. Mukalakwa, pepesani

Mudzakalipa. Mudzanena mawu amene simunafune kunena. Zikachitika, dikirani mitima izizire, ndipo woyamba kugogoda pachitseko akhale inu, chifukwa wamkulu ndinu. Kupepesa kwenikweni sikukhala ndi "koma iwenso" kumapeto.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14, nthawi ija imene anali chete, mantha anandigwira mpaka ndinatenga foni yake akusamba n'kuwerenga mauthenga ake. Sindinapezemo choopsa chilichonse, koma nkhani za anzake ndi mnyamata wina amene ankamukonda chamumtima. Patapita masiku awiri ndinatchula mwangozi dzina la mnyamatayo. Anandiyang'ana, nkhope yake n'kusintha, ndipo anafunsa motsitsa mawu: "Amayi, mwalidziwa bwanji dzina limenelo?"

Milungu itatu sanandiyankhule kupatula moni. Masiku oyambirira ndinkadzilungamitsa kuti ndine kholo, foniyo ndinagula ndine. Koma ndinkaona ndi maso anga kuti zochepa zimene ndinaba m'foni muja zanditayitsa zambiri zimene akanandiuza yekha. Tsiku lina madzulo ndinagogoda, n'kukhala pansi pafupi ndi bedi lake. Ndinati, "Ndinawerenga mauthenga ako osakupempha. Ndinalakwa. Ndinkaopa chifukwa sindinkadziwa zimene zikukuchitikira, koma manthawo sanandipatse ufulu wochita zimene ndinachita. Ndikadzada nkhawa mpaka kufuna kuona foni yako, ndidzakuuza pamaso, ndipo tidzaiona limodzi."

Sanayankhe. Anangogwedeza mutu, maso ali pakhoma. Ndinatuluka osadziwa ngati mawu anga alowa. Loweruka lotsatira ndinamuitana kuti tipinde zovala monga mwa nthawi zonse, ndipo anabwera, tinapinda osayankhulana. Loweruka linalo anandiuza za mphunzitsi wa masamu amene amalavula malovu akamayankhula, ndipo tinaseka mpaka kugwetsa mulu wa mapilo. Usiku uja anadzakhala m'mphepete mwa bedi langa ndi nkhani ya kuphwando ija unali wa chaka chotsatira.